Difu ya Hilux yakale: musanathamangire kowotcherera

Kalata yanu, achimwene a ku Chilomoni, ndaiwerenga katatu. Mwati Hilux yanu ya 2.8 dizilo yathyola shafiti yakumbuyo kawiri pa msewu wa ku Neno, ndipo amakaniko akuti muwotcherere chitsulo pa difu (bokosi la magiya la pa ekiselo lija, logawira mphamvu ku matayala), muwonjezere masipuling'i, apo ayi muikepo ekiselo ya Land Cruiser. Ndachedwa kuyankha chifukwa mwandikumbutsa tsiku limene mpaka pano limandisowetsa tulo.

Inenso ndinali nayo yoteroyo, LN106 yoyera, ndinkapikulira chimanga cha kudimba ku Chikwawa. Makaniko wina anandiwonjezera masipuling'i awiri mbali iliyonse, galimoto n'kuima njo, msana m'mwamba. Kale ikalemedwa inkakhala pansi, ine n'kudziwa kuti basi yakwana. Chizindikiro chimenecho chinachoka. Tsikulo ndinapakira matumba 26 a makilogalamu 50, ndiye kuti makilogalamu 1,300, kutsogolo tili atatu: ine, alamu anga, ndi mwana wanga wazaka 9 pakati.

Panali patatha milungu ingapo kumbuyo kukulira wuuu, ine n'kumati ndi matayala. Titadutsa pa Thabwa n'kuyamba kukwera mokhotakhota muja, giya yachiwiri, kunabwera fungo la oyilo wopserera. Alamu anasuzumira pagalasi n'kukuwa, “Imani, tayala likutuluka!” Ndinaima, iwo n'kulumpha kukaika miyala. Tayala lakumanzere, dilamu yake ndi shafiti yomwe zinali zitasololoka pafupifupi chikhatho chathunthu. Dilamuyo ukailavulira malovu ankangoti tsii. Bering'i inali itaphwanyika, oyilo wakuda bii atanyowetsa mabuleki. Ndinayang'ana kuphompho, ndinayang'ana mwana uja atagwira kabotolo kake ka Sobo, miyendo yanga inangoti lobodo.

Makaniko uja sanandiuze chinthu chimodzi. Pa Hilux yakale, shafiti yakumbuyo imagwira ntchito ziwiri, kuzunguza tayala ndi kusenza katundu, ndipo kunsonga kuli bering'i imodzi yokha. Ndiyo imatchedwa semi-floating. Ikagonja bering'iyo, kapena shafiti ikadukira pafupi nayo, tayala limatha kuchoka. Ya full-floating, yomwe ili pa ma Land Rover ndi ma Land Cruiser ambiri, katundu amakhala pa habu yokhala ndi mabering'i awiri, shafiti n'kumangozunguza basi. Mumaizindikira ndi habu yotumphuka pakati pa tayala, yozunguliridwa ndi timabawuti. Malume anga anali ndi Land Rover ya Series, ya mashafiti a mano 10 kunsonga, odziwika ndi kuthyoka. Koma ikathyoka ankasolola chidutswa, n'kulowetsa giya ya matayala onse, n'kufika ku Lunzu akukokedwa ndi akutsogolo. Eni ake a Land Rover vutolo ankalidziwa, n'chifukwa chake pansi pa Land Rover 110 ankaikapo ekiselo yolemera ya Salisbury, ndipo pofika nthawi ya injini ya 300Tdi mu 1994 mashafiti anali a mano 24.

Ndiye ndinene mosapsatira: kuwonjezera masipuling'i pofuna kunyamula zambiri n'kudzinamiza, ndipo makaniko wochita zimenezi osakuchenjezani akukulakwirani. Sipuling'i imakweza bodi. Siikulitsa bering'i, siinenepetsa shafiti, siiwonjezera mabuleki. Ndimaziona tsiku lililonse pa msewu wa Zalewa, mapikapu a kachewere ndi makala ataima bwinobwino, koma matayala akumbuyo atapendekera mkati. Mmenemo mwakwera amayi ndi ana kumbuyo. Zimandipweteka.

Pali achinyamatanso oika matayala a mainchesi 33 pa galimoto yobadwa ndi ang'ono, kuti iziwoneka bwino pa Ginnery Corner. Tayala lalikulu limapotokola shafiti mwamphamvu, makamaka likazungulira m'malere pamatope kenako n'kugwira mwala mwadzidzidzi. Mashafiti ambiri amadukira pomwepo, phazi lili pa moto.

Kwinanso ndi madzi. Pamwamba pa ekiselo pali kachibowo kopumira. Kakatsekeka ndi dothi, mpweya wotentha umakankha oyilo kudzera m'masilo. Mukawoloka mtsinje difu ili yotentha, imazizira mwadzidzidzi n'kukoka madzi. Itadutsa Freddy mu 2023 ndinathandiza anzanga kukhetsa ma difu angapo, oyilo akutuluka ngati tiyi wamkaka. Oyilo wotero bering'i amaidya mwakachetechete. Kapayipi kamphira kochokera pa kachibowoko n'kukamangirira m'mwamba pansi pa bodi n'kotchipa kuposa nkhuku, koma ndi ochepa amavutikira.

Sindikunyoza owotcherera athu. Ku Ndirande kuli manja aluso oti chitsulo chimawamvera. Chimene ndimakana ndi kuwotcherera munthu asanayeze.

Nanga inu muchite chiyani?

Simunandiuze ngati shafiti yaduka mbali imodzimodzi kawiri konse. Ngati ndi choncho, ndikukayikira kuti chikombole cha ekiselo chinapindika, ndipo shafiti iliyonse yatsopano idzathyokanso. Kachichotseni chikayezedwe kaye. Mukawotcherera chitsulo pa chopindika mwakhomerera kupindikako. Chikakhala chowongoka, chitsulo cholimbitsa chimathandiza, koma achotse zamkati zonse, aziwotcherera pang'onopang'ono mosinthana mbali n'kumadikira chizizire, chifukwa moto wa nthawi imodzi umachipinda. Ikani mabering'i, masilo ndi ma U-bolt atsopano, osati otola pa galimoto yakufa ku Limbe, muthire oyilo wa 80W-90 GL-5, kapena wa LSD ngati difu yanu ndi yotero, yoletsa tayala limodzi kuzungulira lokha m'malere.

Za Land Cruiser zija, si zongomasula n'kumanga. Difu yake ili chakumanja pomwe ya Hilux ili pakati, ekiselo ya Land Cruiser 80 ndi yotambalala komanso ndi ya masipuling'i a makoyilo, ndipo magiya ake ayenera kufanana ndi a kutsogolo kwanu. Werengani mano a magiya awiri a mu difu, lalikulu ndi laling'ono, n'kugawa: 41 kugawa ndi 10 ndi 4.10, pomwe 41 kugawa ndi 9 ndi 4.56. Akasiyana, tsiku lomwe mudzalowetse matayala onse mudzaphwanya transfer case, bokosi logawira mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo. Pa ntchito yanu ine sindingaikepo. Ndingakonze ya Hilux yomweyo, n'kusunga katundu pansi pa tani imodzi kuwerengera ndi anthu omwe, otsalawo n'kudzawatenga ulendo wachiwiri.

Mukamasula shafiti yodukayo mundijambulire podukapo, munditumizire pa WhatsApp. Ngati mano ake apotoka, ndi phazi ndi matayala. Ngati yadukira pafupi ndi bering'i, ndi katundu kapena kupindika kuja.