Makina akaima sikuti azima: mawu kwa anyamata akwathu ongofika kumene ku Joni

Lachisanu lapitali titatuluka mumzikiti, mnyamata wina wa ku Malindi anandiimitsa pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi n'kundionetsa foni. Mkulu wake, yemwe anapita ku Joni chaka chomwe chino, anamutumizira kanema pa WhatsApp. Ali m'fakitale ya zakumwa, wavala jombo zatsopano, akumwetulira, ndipo kumbuyo kwake chimakina chikutsitsa mabotolo pa paleti. Mnyamatayo amafuna ndiyamikire kuti mbale wake wapeza ntchito, ndipo ndinayamikiradi. Koma maso anga anali pa chitseko cha mpanda wa makinawo. Chinali chotsekula, makina akuyenda. Usiku umenewo tulo tinandivuta, n'chifukwa chake ndati ndikulembereni, aphwanga nonse amene mwangotsika kumene basi ku Park Station.

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri cha ku Wadeville ndi ku Isando. Ndinayamba ndi ganyu wotsitsa makatoni pamanja, kenako ndinakhala wothandizira pa layini, pomaliza ndinkayendetsa makina omwewa. Kumeneko amawatchula depalletiser, anzanu pa shifiti azingoti depal. Dzinalo ligwireni, chifukwa kapitawo sadzakumasulirani.

Katundu kumeneko samayenda pamutu kapena pa njinga ngati kuno. Amasanjidwa pa paleti, kathandala kamatabwa kamene nthawi zambiri kamakhala masentimita 120 mulitali ndi 100 mulifupi. Mabotolo opanda kanthu kapena zitini amazisanja mosanjikiza, pakati pa msanjo uliwonse n'kuyalapo chikatoni kapena pulasitiki yolimba, pamwamba n'kuikapo felemu, kenako n'kumanga ndi malamba. Mulu umodzi umapitirira msinkhu wa munthu wamtali. Forklift, kagalimoto konyamula mapaleti, imaubweretsa n'kuukhazika pa matcheni oyenda, matcheniwo n'kuulowetsa mumpanda. M'katimo muli chikepe chimene chimakweza paleti pang'onopang'ono mpaka msanjo wapamwamba ulingane ndi tebulo. Timakapu tampira toyamwa ndi mpweya timanyamula chikatoni chija, ndiye chitsulo chachikulu chimasesa msanjo wonse kamodzi n'kamodzi kupita pa lamba woyenda wa layini. Chikepe chimakweranso, chitsulo n'kusesanso, mpaka paleti itsale yokha. Mtundu wina ndi wa mkono wa loboti umene umatola katoni iliyonse payokha, ukuona ndi kamera. Winanso umanyamula msanjo wonse m'mwamba. Kusiyana kulipo, koma khalidwe lake ndi limodzi, ndipo ndi limene ndikufuna mulimvetse.

Makina amenewa amaima kawirikawiri. Lamba wakutsogolo akadzaza, amaima. Botolo limodzi likagwa n'kutchinga kadiso kamagetsi, amaima. Chikatoni chikapendama, amaima. Munthu wobwera kumene akaona zii, amaganiza kuti azima. Ayi ndithu, akudikira. Ife tinakulira m'mbali mwa Shire, tikuidziwa ng'ona yogona pamchenga itayasamula, osaphethira, ngati chipika. Palibe mwana wa kwa Mponda amene angaiyandikire chifukwa choti yangokhala chete. Depal imene yaima chifukwa cha botolo lotchinga kadiso imayambiranso nthawi yomweyo botololo likachoka, ndipo wochotsa botoloyo ndiwe, dzanja lako lili momwemo.

Mpanda uja uli ndi alonda awiri. Woyamba ndi kaswichi ka pa chitseko: ukatsekula, makina amayenera kuima ndipo sangayambe mpaka utatseka n'kudina batani panja. Wachiwiri ali polowera paleti, pamene sipangakhale chitseko. Pamenepo pali mizati iwiri yoyang'anizana imene imatumizirana kuwala kosaoneka ndi maso. Chinthu chikadutsa pakati, makina amaima. Koma mvetserani apa. Kuti paleti ithe kulowa, kuwalako kumatsinzina kanthawi kochepa pamene paleti ikudutsa. Munthu akalowa limodzi ndi paletiyo, akuigwirizira kuti isapendame, makina samuwerenga. Komanso ukangodutsa mizatiyo n'kukhala m'kati, kuwalako sikukuonanso. Mnzako amene ali kutsidya, pa phokoso lija, sakudziwa kuti wawerama kuseri kwa mulu wa mabotolo. Adzadina batani ndi mtima woyera.

Ndinaziona ndi maso angawa, pa shifiti ya usiku. Tinali ndi mnyamata wa cha ku Namwera, wachangu pa ntchito, wosayankha mwano, miyezi iwiri yokha chifikireni. Pa makina athu, winawake anali atamangirira kachitsulo pa swichi ya chitseko kuti makina aziona ngati chitseko n'chotseka nthawi zonse, chifukwa kuimitsa ndi kuyambitsanso kumachedwetsa, ndipo akuluakulu amafuna nambala yawo ikwane m'mawa. Tonse tinkadziwa, tonse tinkangoyang'ana, ndi ine ndemwe. Chikatoni chinakodwa pamwamba, makina n'kuima. Mnyamatayo anakwera masitepe mothamanga, anapisa mkono n'kuchikoka. Chitsulo chosesa chija chinabwera. Ndinamenya batani lofiira, koma mkono unali utapanidwa kale pa felemu. Anachira, koma dzanja limenelo silifumbata mpaka lero. Kuno kwathu munthu wa dzanja losafumbata sangakoke khoka, sangapalase bwato, ngakhale khasu limamuvuta. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda.

Choncho musanalowe mumpanda, kaya botololo likuoneka pafupi bwanji, tsatani njira yake. Imitsani makina pa bolodi ya mabatani. Zimitsani swichi yaikulu ya magetsi n'kukolekapo loko wanu, kiyi n'kuika m'thumba lanu, osati pa tebulo, osati kwa mnzanu. Mukalowa atatu, maloko akhale atatu. Tsekani vavu ya mpweya n'kuutulutsa mpaka singano ya geji igwe pa 0, pakuti magetsi atazima mpweya umatsalabe m'mapaipi ndipo ukhoza kukankha chitsulo. Ngati mukugwira pansi pa chikepe, chitsitseni kaye kapena ikani chitsulo chotchingira chimene chinapangidwira ntchito imeneyo. Mulu wa mabotolo agalasi umalemera makilogalamu mazanamazana, ndipo sufuna magetsi kuti ugwe. Pomaliza dinani batani loyatsira muone ngati palibe chimene chasuntha. Zonsezi amazitchula lockout. Batani lofiira lija ndi la ngozi basi, si loko, chifukwa aliyense akhoza kulikoka n'kuyatsanso.

Ngati simunaphunzitsidwe zimenezi, simukuyenera kulowa m'pang'ono pomwe. Itanani operator, woyendetsa makinawo. Ndikudziwa chimene chimakulowetsani, si kupusa ayi. Ndi mantha. Umaganiza kuti ukaimitsa layini akuona ngati waulesi, mawa atenga wina pa geti pomwe paima anthu makumi. Umakumbukira ngongole ya transipota amene anakuwolotsa pa Zobue, Nyamapanda mpaka Beitbridge, umakumbukira amayi akudikira uthenga wa Mukuru. Mantha amenewo ndinagona nawo zaka. Koma mabotolo akagwa amasesa n'kuitanitsa ena tsiku lomwelo, ndipo sindinaonepo bwana akulira chifukwa cha mphindi zisanu. Amene ndinamumva akulira ndi mkazi wa mnyamata wa ku Namwera uja, pa foni.

Pali tizinthu tina tating'ono timene timapweteka anthu tsiku ndi tsiku. Malamba omangira paleti amakhala okungika kwambiri. Podula imani chambali, dzanja limodzi litagwira lamba, magalasi ali m'maso, apo ayi akukwapulani kumaso. Paleti yopendama kapena yothyoka thabwa musailowetse, ibwezeni, chifukwa mavuto ambiri a m'kati amayambira pomwepo. Magalasi osweka musatole ndi manja. Zotseka m'makutu valani ngakhale zikunyansa. Lamulo la kumeneko limati phokoso likafika madesibelo 85 bwana ayenera kukutetezani, ndipo holo ya mabotolo imasokosa zedi. Ine khutu lakumanzere limalira ngati nkhululu usiku uliwonse. Forklift ili ndi njira yake yojambulidwa pansi. Musadutse kumbuyo kwake, musaime pansi pa katundu wokwezedwa, ndipo musaiyendetse mongoyeserera nthawi ya nkhomaliro. Woyendetsa amayenera kukhala ndi satifiketi yochokera kwa ophunzitsa ovomerezeka, imene amaikonzanso zaka 2 zilizonse. Amene mumasala Ramadhan, muuzeni mnzanu wa pa layini kuti mwasala. M'nyengo yotentha chizungulire chimabwera madzulo, ndipo masitepe a depal ndi achitsulo, oterera.

Ndinene za mapaleti enieniwo, poti ambiri mudzayamba moyo m'mikuku. Abuluu aja ndi a kampani ya CHEP, ndi obwereketsa ndipo amawerengedwa. Kutenga imodzi kukapangira bedi ndi kuba, anthu achotsedwapo ntchito pa zimenezo. Ena amakhala ndi chidindo pambali. Cholembedwa HT ndiye kuti thabwalo analiwotcha ndi kutentha kuti tizilombo tife. Cholembedwa MB analifukiza ndi mankhwala a methyl bromide. Limenelo musasonkhere moto wophikira kapena wowotha. Ndipo m'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa ku Joni kukakulumani, musagone ndi mbaula m'chipinda chotseka.

Tsopano za malamulo, pakuti ambiri amakuopsezani nawo pomwe ena mwa malamulowo ali kumbali yanu. Occupational Health and Safety Act ya 1993 imalamula bwana kupereka malo otetezeka, ndipo imamuletsa kukudulani malipiro chifukwa cha jombo, magolovesi kapena magalasi otetezera. Pamalo pamene pali antchito oposa 20 pamayenera kukhala oimira antchito pa za chitetezo. Funsani kuti wa shifiti yanu ndani, safunsa adadya phula. Mukavulala, ngakhale pang'ono, nenani tsiku lomwelo ndipo zilembedwe. Lamulo la chipukutamisozi, limene amalitchula COIDA, limati bwana akanene za ngoziyo pasanathe masiku 7 pa fomu ya W.Cl.2, dokotala n'kudzaza yake. Jambulani mapepala onse pa foni. Wina akakupatsani ndalama pamanja kuti mukanene kuchipatala kuti munagwa kunyumba, kanani. Ndalamayo itha sabata imodzi, chilemacho chitsala.

Apa ndi pamene nkhani ya mnyamata wa ku Namwera inafika poipa. Iye ankagwira ntchito ndi mapepala a msuweni wake. Pa buku la kampani panali dzina lina, kuchipatala anatchula lake lenileni. Anthu awiri, mkono umodzi. Tinayenda naye maofesi miyezi, mpaka anatopa n'kubwerera kumudzi chimanjamanja. Sindikubisirani: masiku 30 amene amadinda pa pasipoti ku Beitbridge ndi a mlendo, sakuloleza kugwira ntchito, ndipo ku Lindela, kumene amasungirako opanda mapepala asanawabweze kwawo, kwadutsa ana ambiri a kuno. Aliyense aone bwino mapepala ake. Komabe dziwani kuti mu 2008 khoti la za ntchito kumeneko linagamula, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA (bungwe loweruza mikangano ya pa ntchito), kuti mlendo amene chilolezo chake sichili bwino akadali wantchito pamaso pa lamulo la ntchito. Akakuchotsani mopanda chilungamo muli ndi masiku 30 okadandaula ku CCMA, ndipo salipiritsa. Koma dzina la munthu wina lidzakutsekerani ngakhale khomo limenelo.

Ambiri mudzalowa kudzera kwa labour broker, kampani yolemba anthu n'kuwatumiza kukagwira ntchito m'makampani ena. Sungani payslip iliyonse, ndipo muzilemba maola anu m'kabuku. Sabata yokhazikika ndi maola 45, owonjezera amalipidwa kamodzi ndi theka. Kuyambira pa 1 March 2025 malipiro otsikitsitsa anali R28.79 pa ola. Amasintha chaka ndi chaka, ndiye funsani a chaka chino.

Anthu ena amati makina amenewa akutilanda ntchito. N'zoona, pamene tinkatsitsa anthu asanu ndi mmodzi pamanja panadzatsala awiri. Koma misana yathu ija inkatha, ndipo amene anatsala ndi amene anawaphunzira makinawo. Inu amene mumamasula injini ya boti pa Makawa kapena pa Malembo n'kuibwezera osatsala nati, depal singakukanikeni. Imani pafupi ndi operator, werengani zimene zikulembedwa pa sikirini makina akaima, mufunse kuti kadiso kameneko kali pati. Fitter, wokonza makina, akabwera, mugwirireni tochi. Pukutani timaso ndi nsalu yofewa poyamba shifiti, makina atakiyidwa. Mvetserani kulira kwa mpweya. Timakapu tikang'ambika mawu amasintha chikatoni chisanayambe kugwa. Akakuphunzitsani chilichonse, pemphani pepala lokhala ndi dzina lanu, pakuti ndi limene mudzalowere nalo fakitale ina ku Epping (Cape Town) kapena ku Prospecton (Durban).

Mnyamata wa ku Malindi uja ndinamupempha nambala ya mkulu wake, ndipo Loweruka tinayankhulana. Anandiuza kuti chitsekocho anachipeza chili chomwecho, ndipo anthu amalowa kangapo pa ola kukadzutsa mabotolo. Ndamuuza kuti Lolemba asanavale n'komwe magolovesi akafunse dzina la woimira za chitetezo, amutengere pa chitsekocho n'kumulozera swichiyo ndi chala, apemphenso loko wakewake wokhala ndi kiyi mmodzi. Wati andiimbira Lachiwiri akaweruka.