Funsani Amakaniko: Kagalimoto kokalamba ndi mayeso a COF

FUNSO: Ndili ndi Toyota Vitz ya 2004 ndipo yayenda makilomita oposa 200,000. Zaka ziwiri zotsatizana yakhala ikulephera COF, mayeso oona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu, ulendo woyamba. Anzanga akuti mtundu umenewu ukafika msinkhu uwu sudalirikanso, ndingogulitsa. Kodi n'zoona? Ndine Mayi wodandaula.

YANKHO: Mayi, musathamangire kugulitsa. Tengani mapepala awiri aja muwerenge zimene oyeza analemba, chifukwa yankho lagona pamenepo. Vitz yoyambirira, imene inapangidwa kuyambira 1999 mpaka 2005, ili ndi injini yopirira, yoyendera tcheni osati lamba. Komanso pa mayesowa injini saitsegula n'komwe. Zimene zimagwetsa timagalimoto takale n'zinthu zimene zimatha pa galimoto ya mtundu uliwonse: magetsi, matayala, mabuleki ndi zitsulo za ku miyendo. Zambiri mwa izi mungazione nokha kusanafike tsikulo.

Yambani ndi magetsi. Wina aime kumbuyo inu mukuponda buleki, kuyatsa maindiketa ndi kuika rivesi, osaiwala kababu ka pa nambala. Ngati mukayatsa indiketa nyali ya buleki ikuphethiranso, babu alibe mlandu, ndi waya wa earth amene wachita dzimbiri. Mupaleni ndi sandipepa n'kumanganso. Nyali za kutsogolo za pulasitiki zimachita chikasu ndi dzuwa n'kuyamba kumwaza kuwala, choncho zipolishidwe kenako ziwongoledwe kuti zisathobwe anzanu m'maso.

Za ku miyendo zimafuna jeke ndi chochirikizira cholimba. Musalowe pansi pa galimoto yoima pa jeke yekha. Tayala likakhala m'malere, ligwireni pamwamba ndi pansi n'kuligwedeza. Likamasewera, ndi ball joint kapena beringi. Ligwireninso kumanja ndi kumanzere: kusewera kwa uku n'kwa tie rod end kapena rack end. Lizunguzeni, mukamva kukhukhuluza dziwani kuti beringi yatha. Muli pomwepo onani mabushi ngati ang'aluka, shoko ngati yanyowa mafuta, ndi labala wokuta CV joint. Kalabala kameneka anthu amakapeputsa, koma kakang'ambika girisi amatuluka, mchenga n'kulowa, ndipo pakapita nthawi mumva "ka-ka-ka" pokhota. Pamenepo ndiye kuti joint yonse yapita.

Mabuleki ndiwo amanamiza anthu ambiri. Pamsewu galimoto imaima bwinobwino, koma pa makina oyezera tayala lililonse limayankha lokha. Ku Britain, mwachitsanzo, matayala awiri a ekiselo imodzi akasiyana mphamvu ndi maperesenti oposa 30, galimoto yalephera. Kutsogolo kusiyanaku kumadza chifukwa cha kuuma kwa timapini ta caliper, chitsulo chimene chimafinya mapadi, ndipo chizindikiro chake ndi padi imodzi kudyeka kuposa inzake. Kumbuyo kwa Vitz zambiri kuli madiramu. Mmenemo wheel cylinder, imene imakankha ma shoe ogwira diramu, ikayamba kudontha, mafuta amanyowetsa ma shoewo ndipo mbali imeneyo imasiya kugwira, handibuleki nayo n'kufooka. Diramu litsegulidwe, osamangomangitsa chingwe cha handibuleki ayi. Mapadi asinthidwe akatsala mamilimita 3, mbali zonse ziwiri pamodzi, ndipo mafuta a mabuleki asinthidwe zaka 2 zilizonse popeza amayamwa chinyezi.

Chimene chingatichititse kugwirizana ndi anzanuwo ndi chimodzi chokha: dzimbiri. Gogodani ndi chogwirira cha sikuludiraiva m'munsi mwa zitseko, pamene pamangidwa malamba a mipando, ndi pamene miyendo yagwirana ndi bodi. Chitsulo chabwino chimalira, chowola chimangoti phu kapena kubooka. Onaninso timapaipi ta mabuleki timene timadutsa pansipo. Malo owola a bodi samatidwa ndi phala la filler, amafuna kudula chowolacho n'kuwotcherera chitsulo china. Ngati dzimbiri lagwira malo angapo otere, chaka chamawa lidzatulukira pena, ndipo apo ndi pamene tinganene kuti galimoto yatha. Koma ngati mapepala anu akunena za babu, bushi ndi mapadi, ndiye kuti galimotoyo imangokumana ndi makaniko ikalephera mayeso basi.

FUNSO: Ndikufuna kugula Nissan March ya 2006. Mwini wake akuti COF yake ndi ya mwezi watha, ndiye palibe chifukwa choitanira makaniko. Ndikhulupirire? Ndine Mnyamata wogula koyamba.

YANKHO: Ayi achimwene. Pepalalo likungonena kuti tsiku limenelo galimotoyo inkaima, inkakhota ndipo inkaunikira mosaopseza moyo wa munthu. Za kilatchi, giyabokosi, gasiketi ya hedi kapena kutentha kwa injini silinenapo kanthu. Galimoto ikhoza kukhoza mayeso m'mawa n'kuwira madzulo.

March ya chaka chimenecho ndi ya m'gulu la K12, ndipo injini zake zing'onozing'ono zimadziwika ndi kutamuka kwa tcheni, makamaka ngati oyilo sankasinthidwa pa nthawi yake. Mupangane kuti mukaipeze isanalizidwe. Khudzani injini kaye: mukaipeza yofunda pamene munagwirizana kuti ikhale yozizira, funsani chifukwa chake. Tembenuzani kiyi osaliza, nyali ya check engine iyake, ndipo izime injini ikalira. Ikapanda kuyaka n'komwe, mwina wina anaichotsa kuti abise vuto. Polira mvetserani ngati pali kuwereketa kwa zitsulo kumbali ya tcheni.

Injini isanatenthe, tsegulani chotsekera oyilo. Zoyera ngati phala pansi pake zingatanthauze kuti madzi akusakanikirana ndi oyilo, ngakhale kuti galimoto yongoyenda maulendo aafupi imathanso kuchita zimenezi. Mukaonanso thovu mu radiyeta ndipo madzi akumachepa, isiyeni. Kenako iyendetseni mphindi zosachepera 20, pakhale ndi chitunda, diso lili pa geji ya kutentha. Ngati ili ya manyuwale, ikani giya yapamwamba pa liwiro lochepa n'kuponda moto. Injini ikamakuwa koma liwiro osawonjezeka, kilatchi ikutsetsereka. Ndipo makaniko pitani nayeni, asankhidwe ndi inu.

FUNSO: Kagalimoto kanga kalephera pa utsi. Ndimangoyenda nako pafupi, kupita ku ntchito ndi kubwera. Wina wandiuza kuti ndichotse catalytic converter kuti kazipuma bwino. Ndine Bambo wa Polo.

YANKHO: Musachotse, Bambo. Ntchito yake ndi yochepetsa mpweya woipa umene makinawo akuyeza, ndiye mukaichotsa manambala angokwera. Converter imagwira ntchito ikatentha kwambiri, ndipo maulendo aafupi saitenthetsa mokwanira. Sinthani mapulagi ndi sefa ya mpweya, oyilo akhale watsopano, ndipo fufuzani ngati ekizosi ili ndi kabowo, chifukwa mpweya wolowera pamenepo umasokoneza sensa komanso makina oyezera. Ngati nyali ya check engine yayaka, ailumikize ku kompyuta musanagule chilichonse. Pa galimoto zakale oxygen sensor yotopa ndiyo imakonda kuchititsa injini kumwa petulo wambiri. Tsiku la mayeso yendani mphindi 20 pa msewu wotakasuka kuti mufike injini ili yotentha.

Mtundu wa utsi nawo umanena zambiri. Wakuda ndi petulo wochuluka, wabuluu ndi oyilo amene akupsa chifukwa maringi kapena ma valve seal atha, ndipo woyera wosaleka injini itatentha ndi madzi. Wabuluu ndi woyerayo safuna mankhwala a m'botolo, amafuna sipanala.

FUNSO: Matayala anga akutsogolo atha. Kodi ndingabwereke a mnzanga tsiku la mayeso lokha? Ndine Wowerenga wanu.

YANKHO: Pepala mudzalandira, koma mvula ikagwa pepalalo siligwira msewu. M'mayiko ambiri mano a tayala saloledwa kuchepera mamilimita 1.6, ndipo m'mizere ya tayala muli timapiri tating'ono tosonyeza mlingo umenewu. Mano akalingana ndi timapirito, tayala latha. Onaninso manambala anayi a kumapeto kwa chizindikiro cha DOT pambali pa tayala: 2318 ndiye kuti linapangidwa sabata ya 23 mu 2018. Tayala lokalamba limauma n'kuchita ming'alu ngakhale mano alipo. Ngati anuwo adyeka mbali imodzi yokha, konzetsani kaye tie rod ndi mabushi, muchititse alignment, kenako muikeko atsopano. Mukapanda kutero, nawonso adyeka chimodzimodzi.