Kukonekita kapena kulumikiza? Nanga kompyuta imaimba kapena imaliza?

Mnyamata wina wa ku Ndirande wandilembera. Akuti wadzipangira ka synthesizer (achinyamata amati sinthi, choimbira chopanga mawu ndi magetsi) m'kabokosi ka matabwa, mkatimo muli kakompyuta kakang'ono kotchedwa Arduino ndi timawaya towotcherera yekha, ndipo pano kayamba kumvera laputopu kudzera pa chingwe cha MIDI, njira imene kompyuta ndi zoimbira zamagetsi zimatumizirana uthenga. Funso lake nali: "Pofotokozera anzanga ndizinena kuti ndakonekita, kapena alipo mawu ena? Komanso kompyutayo tizinena kuti ikuimba kapena ikutani, poti mawu akutulukira m'kabokosi kanga?"

Achimwene, mwagwira ntchito yotamandika, ndipo funso lanuli landisangalatsa zedi chifukwa lagunda penipeni pomwe pamandiwawa ine. Kukonekita ayi ndithu. Si kuti ndimadana ndi mawu obwereka, kompyuta tinabwereka, waya tinabwereka, MIDI ndi USB zisiyeni choncho palibe chozivutira. Koma kubwereka khasu kwa aneba lako lili pakhonde nde ulesi umenewo. Mawu tili nawo, kulumikiza, ndipo ndi mawu okoma kwabasi mukawasenda.

Ine ndimakhulupirira ndi mtima wonse kuti tsinde lake ndi kuluma. Luma, lumika, lumikiza. Ndili mwana agogo anga aakazi mutu ukawavuta ankaitana mayi wina wa m'mudzi kuti adzawalumike, ankatema timphini ting'onoting'ono pambali pa mutu kenako nkuikapo kanyanga, kuyamwa mpweya kunsonga nkutseka ndi phula, kanyanga kaja nkukakamira pakhungu osagwa ngati kaluma. Kumeneko nkulumika, kuchititsa chinthu kuti chilume. Ndiye tayang'anani kumapeto kwa chingwe chanu cha MIDI chija, kamutu kozungulira kokhala ndi mano asanu, mukakalowetsa pabowo pake kamagwira kuti khwi. Chaluma chimenecho. Makolo athu sanaone kompyuta koma mawu anatisiyira oyenerana ndendende.

Ena akuuzani kuti nenani kulunzanitsa. Apa ndikana pang'ono. Timalunza luzi likafupika, zingwe ziwiri zisanduke chimodzi, mfundo pakati. Koma pa MIDI sizitero. Ngati munatsata bwino kapangidwe kake, polowera uthenga munaikapo kachipangizo kaja kotchedwa optocoupler, ambiri amagwiritsa 6N138, mkati mwake muli kanyali kamene kamaphethira ndipo mbali inayo imangoona kuwalako, magetsi a kompyuta sakhudzana ndi a kabokosi kanu. Zinthu ziwirizi zikadali ziwiri, zangogwirana kuti zizimvana. Nchifukwa chake ine ndikuti kulumikiza.

Tsopano funso lachiwiri lija nde lokoma kuposa loyamba. M'chingwe cha MIDI simudutsa nyimbo, olo mutachiika kukhutu kapena kuchilowetsa ku sipika simumva kanthu kanzeru. Mumadutsa malamulo basi. Kompyuta imangoti noti nambala 60 iyambe, ameneyo ndi C wapakati, ndi mphamvu yakuti pakati pa 0 ndi 127, pa njira yakuti mwa njira 16 zimene MIDI ili nazo, kenako nkudzatinso noti ija ileke. Liwiro lake ndi ma bit (tizidutswa ta uthenga) 31,250 pa sekondi ndipo pa chingwe cha mano asanucho silinasinthe chiyambire 1983, chaka chomwe Dave Smith wa Sequential Circuits ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland anaona zipatso za mgwirizano wawo, Prophet-600 italumikizidwa ndi Jupiter-6 pachionetsero ku California, zoimbira za makampani awiri osiyana nkumamvana. Ndiye amene akutulutsa mawu ndi kabokosi kanu, kompyuta ikungolamula.

Chichewa chinasiyanitsa kale zimenezi. Ng'oma imalira, munthu amaliza ng'oma. Belu limalira, wina waliliza. Wenzulo salira yekha, amachita kulizidwa. Kulira, kuliza, mofanana ndi kulowa, kulowetsa, kungoti apa r wasanduka z ngati mmene kukwera kumakhalira kukweza, kubwera kubweza. Choncho kabokosi kanu kakulira, laputopu ikukaliza. Inde ndikudziwa timanenanso kuimba ng'oma, kuimba gitala, ndipo nzolondola sindingakutsutseni, koma ine kuimba ndimakusungira munthu, amene wakhala pansi nkuganiza kuti apa palowe noti iyi apa ipume. Woimba ndinu achimwene, kaya mukudinadina mu pulogalamu yopangira nyimbo ya FL Studio kaya mukugogoda makiyi. Zimandiwawa ndikamva achinyamata m'ma studio akuti kompyuta ikupuleya sinthi, ndikuyikontirola pa laputopu, chiganizo chonse mulibe mawu athu kupatula iku ndi ndiku. Kuwongolera kulipo, kulamula kulipo. Mukamapotokola kachitsulo kuti mawu anenepe kapena aonde, mukuwongolera.

Chenjezo limodzi polemba. Mukalemba kuti kompyuta imaliza nyimbo, wowerenga aganiza za kumaliza, kutsiriza, chifukwa pakamwa timasiyanitsa ndi kakwezedwe ka mawu koma papepala zimaoneka chimodzimodzi. Ndiye muzitchula chimene chikulizidwacho, kapena lembani kuti kabokosi kamalizidwa ndi kompyuta... ayi, taonani apanso zasokonezeka! Lembani ikuliza, ikukaliza, pamenepo palibe angasochere.

Dzina la kabokosiko simunandifunse koma ndinena ndithu. Musakatche kiyibodi ngati kalibe makiyi. Kutchalitchi kwathu kunali choimbira chija chopondaponda ndi mapazi kuti mpweya ulowe, chinachokera kunja koma palibe anavutika nacho dzina, aliyense ankangoti limba, ndipo mphunzitsi amene ankaliimba tinkangoti a limba. Ndi banja limodzi ndi kalimba komanso ulimba wa ku chigwa cha Shire. Ngati limba linalandira chija cha azungu, lingakane bwanji chopangidwa ku Ndirande? Ine ndingati limba lamagetsi, ndipo poti nkakang'ono ena adzati kalimba kamagetsi, ngakhale pamenepo anthu aziyembekeza timano tachitsulo toimba ndi zala zazikulu. Mukakumana ndi anzanuwo auzeni kuti ndalumikiza limba langa lamagetsi ku laputopu, laputopuyo ikuliliza, ndipo mudzandiuze ngati alipo amene anafunsa kuti mukutanthauza chiyani.