TV ya mainchi 65 pa sitandi yakale: yankho kwa bambo a ku Kamwendo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo ena a ku Kamwendo, kuno ku Mchinji. Agulitsa soya ndi mtedza, ndipo akufuna kupumitsa TV yawo yakale ija ya chimimba kumbuyo. Sitandi yawo ndi yamlombwa, yotalika masentimita 120 kuchoka kumanja kufika kumanzere. Kalipentala anawakhomera chaka chimene ankalowa m'banja, ndipo mayi akunyumba anenetsa kuti siichoka pabalaza. Sofa ili mamita awiri ndi theka kuchokera pamenepo. Funso lawo n'lakuti: kodi ya mainchi 65 ikhalapo?

Bambo, ine ndikuti tengani ya 55, ndipo musanapereke ndalama muyang'ane miyendo yake.

Mainchi amene amalemba pakatoni sayeza m'lifupi mwa TV ayi. Amayeza mopingasa, kuchokera pangodya yam'munsi kukafika pangodya yam'mwamba ya mbali inayo. Kuti mudziwe malo enieni amene idye, chulukitsani mainchiwo ndi 2.2, mupeza masentimita a m'lifupi. Mukaphatikizapo chimango cha m'mphepete mwa sikirini, ya 43 imakhala pafupifupi 96, ya 50 pafupifupi 111, ya 55 pafupifupi 123, pamene ya 65 imafika 145. Ndiye kuti pa sitandi yanuyo, ya 65 idzatulukira masentimita oposa 12 mbali iliyonse. Aliyense wodutsa ndi beseni kapena mpando azidzaikhula ndi phewa.

Komatu nkhani yaikulu ili pamiyendo, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amalira atafika kale kunyumba. TV zakale zinkakhala ndi thupi lonse, phee. Zamasiku anozi zambiri zimaima pa timiyendo tiwiri, kamodzi chakumanja kena chakumanzere, kufupi ndi kumapeto. Pa ya 65 timiyendoti titha kutalikirana mpaka kudzaza thabwa lanu lonse, mwinanso kupitirira. Pa ya 55 kawirikawiri timatalikirana mita imodzi kapena kucheperapo, koma kampani iliyonse imaika mwakemwake, choncho musadalire mawu anga kapena a wogulitsa. Bwerekani tepi kwa telala, mupite nayo kusitolo, muyeze nokha kuchokera kunja kwa mwendo wina kukafika kunja kwa unzake. Pazitsala malo okwana chikhatho mbali zonse ziwiri. Muyezenso kutsogolo ndi kumbuyo, chifukwa mapazi ake amafuna thabwa la masentimita 25 mpaka 30.

Ndikulimbikira chonchi chifukwa cha ana. TV zimenezi n'zopepuka poyerekeza ndi yanu yakale ija, koma n'zazitali ndiponso zopyapyala, moti mwana woyamba kuimirira akangogwira m'mphepete kuti adzuke, imamutsatira. Ngati pakhomo pali mdzukulu wokwawa, imangirireni kukhoma kapena kusitandi ndi lamba, pogwiritsa ntchito mabowo anayi amene ali kumbuyo kwake.

Mabowo amenewo amatchedwa VESA, ndipo ndiwo angakupulumutseni mtima ukakanirira pa 65. Mutha kuchotsa timiyendo tija n'kugula phazi limodzi lapakati lomangira pamabowowo, kapena chitsulo chopachikira pakhoma, sitandi n'kutsala ya dikoda ndi maluwa a mayi. Kungoti muwerenge muyeso wa mabowowo m'kabuku, monga 300 x 300 kapena 400 x 300, kuti chitsulocho chigwirizane nawo. Za khomazi ndimachita nazo mantha pang'ono. Nyumba zambiri kwathu kuno n'zanjerwa zowotcha zomangira dothi, pulasitala pamwamba, ndipo bauti ikalowa m'dothi m'malo mwa njerwa imazuka pakapita miyezi. Funsani mmisiri amene anamanga nyumbayo.

Pa mamita awiri ndi theka, ya 55 imadzaza maso bwinobwino. Kumbukiraninso kuti matchanelo ambiri a pa GOtv kapena Kiliye Kiliye sabwera mu 4K, zithunzi zooneka bwino kwambiri zimene mumaziona zikuwala m'sitolo muja. Sikirini ikakulitsa inu muli pafupi, mpira wa Bullets ndi Wanderers umaoneka ngati mukuonera pagalasi lonyowa. Mukakhala pasofa, pakati pa sikirini pazikhala molingana ndi maso anu. Ngati sitandiyo ndi yaitali m'mwamba, ya 65, imene ndi masentimita 81 kuchoka pansi kufika pamwamba osawerengera miyendo, idzakupweteketsani khosi. Ndipo ngati zenera layang'anizana nayo, gulirani katani yokhuthala.

Simunanene ngati muli pa magetsi a ESCOM kapena pa sola. Ngati ndi sola, onani mawati olembedwa pachikwangwani chakumbuyo, chifukwa yaikulu imamaliza batire msanga. Ngati ndi magetsi, musaiwale TV guard, kachipangizo koteteza TV kuti isapse magetsi akabwera mwamphamvu.

Mukakagulira ku Lilongwe, auzeni aiyatse muione ikugwira ntchito musanatuluke. Paulendo wobwerera, msewu wonse wodutsa ku Namitete uja, ikhale choimirira m'katoni mwake. Musalole kondakitala aigoneke pansi n'kusanjikizapo matumba, sikirini imang'aluka mkati osaonekera kunja. Kuli bwino muilipirire mpando wakewake, inu mukhale pambali pake mutaigwira.