Mafuta Onunkhira Amathamangitsa Nyerere, Koma Safika kwa Mfumukazi

Mayi wina wokhala ku Cape Town wandilembera pa imelo kuti: "Tinyerere tofiirira tandilanda khitchini. Ndili ndi mwana wokwawa, ndiye mankhwala opopera a m'sitolo sindikuwafuna. Kodi mafuta onunkhira ochokera ku zomera angandithandize?"

Mayi, angakuthandizeni kutseka njira, koma chisa sangachithetse. Mmene mwafotokozeramu, zikuoneka kuti ndi nyerere za ku Argentina, zomwe zinachokera ku South America n'kukhazikika ku Cape zaka zoposa 100 zapitazo. Kuvuta kwake n'kwakuti chisa chimodzi chimakhala ndi mafumukazi ambiri, nyerere zazikazi zoikira mazira, ndipo zisa zoyandikana sizimenyana. Zomwe mukuziona pa sinki ndi antchito chabe, otumidwa kukasaka chakudya.

Nyerere imayendera fungo. Ikapeza shuga, pobwerera imasiya kafungo pansi, zinzake n'kumalondola. Mafuta a peppermint, cinnamon, clove ndi lemongrass amasokoneza kanjira kameneka. A clove, omwe ali ndi mankhwala achilengedwe otchedwa eugenol, komanso a makoko a malalanje, omwe ali ndi ena otchedwa limonene, amathanso kupha nyerere imene yanyowa nawo. Vuto lake amauluka msanga. Fungo likangozilala, mzere uja wabwerera, mwinanso kudzera pa mng'alu wina.

Yambani mwapukuta njirayo ndi madzi a sopo. Kenako thirani madontho 10 mpaka 15 a mafutawo m'kapu ya madzi, muonjezere sopo wotsukira mbale pang'ono kuti zisakanikirane, mukhutchumule, n'kupopera m'mawindo, pansi pa chitseko ndi polowera mapaipi. Muzibwereza tsiku lililonse. Botolo la mafutawo musalisiye pomwe mwana angafikire, ndipo ngati muli ndi mphaka samalani, chifukwa ambiri mwa mafutawa ndi poizoni kwa iye. Mawu oti "zachilengedwe" asakugonetseni tulo.

Chofika kwa mfumukazi ndi nyambo: borax (ufa woyera wochapira womwe umaphanso tizilombo) pang'ono kwambiri m'madzi a shuga, m'kabotolo kotseka koboola timabowo, kobisika kuseri kwa firiji kapena panja, kutali ndi mwana. Mukachulutsa borax, antchito amafera panjira asanakagawire anzawo kuchisa. Pamafunika masabata angapo, ndipo pafupi ndi nyamboyo musapopere mafuta, mungathamangitse alendo omwe mwawaitana nokha.

Mukaonenso mitengo ya mandimu ndi maluwa pabwalo. Nyererezi zimaweta nsabwe za zomera chifukwa cha madzi otsekemera omwe nsabwezo zimatulutsa, ndiye ngati nthambi ikukhudza khoma, iduleni.