Funsani Aphunzitsi: "Agogo akuti pakhomo pano voti ndi imodzi"

Aphunzitsi,
Ndine mtsikana wa zaka 15, ndili Fomu 2, ndimakhala ndi agogo aamuna kufupi ndi msika wa Lizulu. Usiku woti mawa lake ndi chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, agogo anaitana onse a pakhomo n'kulamula kuti aliyense akachonge pomwe iwo akachonge. Ati wandale amene akumufunayo anatipatsa shuga ndi ndalama, ndipo wochonga pena adziwika, atichotsetsa pa Mtukula Pakhomo. Achemwali anga anamvera koma mpaka lero akunyinyirika. Mu 2030 ine ndidzakhala nditakwana. Kodi n'zoona kuti amadziwa? Nanga ndidzatani kuti ndisawachitire agogo mwano?
Mdzukulu wothedwa nzeru, Lizulu

Mwanawe,
Sadziwa. Ndikukuuza ine amene ndakhala pa tebulo la chisankho kanayi, kuyambira mu 1999 ndikuphunzitsa Sitandade 6 mpaka mu 2014 nditatsala pang'ono kupuma ntchito. Dzina lako amalichonga m'kaundula kusonyeza kuti wabwera, chala amachipaka inki kuti usabwerenso, koma pa pepala lovotera salembapo dzina. Umapita wekha pobisika paja, kuchonga, kupinda, n'kuponya m'bokosi momwe muli mazana a mapepala ofanana ndi lako. Madzulo tikakhuthula bokosilo pa desiki, ngakhale amene anakupatsa pepala sangaloze kuti lako ndi ili. Mu 2004 ine ndi mayi a kunyumba tinakangana za ndale sabata yathunthu, iwo n'kudzavota pamalo pomwe ine ndinkagwira ntchito. Powerenga ndinatong'ola maso pa pepala lililonse. Mpaka lero sindidziwa, ndipo ndikawafunsa amangoseka.

Chimene chimadziwika ndi chiwerengero cha malo onse ovotera. Mamonita a zipani amasaina, zotsatira n'kuzimata poyera kuti aliyense aone kuti pasukulu yakuti, uje wapeza mavoti akuti. Oopseza amadyera pomwepa: amadziwa mmene dera lavotera, n'kumanamizira kuti akudziwanso za munthu mmodzimmodzi. Za Mtukula Pakhomozo, ija ndi ndondomeko ya boma yothandiza maanja ovutikitsitsa. Si ndalama ya m'thumba mwa phungu kapena khansala.

Koma agogo akowo usawaone ngati mbuli. Anakula nthawi imene munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ndipo mawu olankhula pa mowa ankakafika kutali. Mantha otero satha ndi kusintha kwa boma. Tsiku lina mukusenda mbatata pakhonde, udzawafunse za pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi ankasankha pakati pa nyali ya matipate ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Dziko lonse, anthu oposa 60 pa 100 aliwonse anasankha nyali. Kuno ku Ntcheu nyali ndiyo inapambana, pomwe anzathu a ku Dedza ambiri anakhala ndi tambala, ndiye inu a pa Lizulu munali pakati penipeni. Afunse kuti iwo anasankha chiyani, komanso ngati mfumu kapena tcheyamani wa nthambi anadziwa. Mwina yankho lidzatuluka pakamwa pawo pomwe.

Tibwere ku shuga. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa wandale kugawa ndalama kapena katundu pofuna kukopa voti. Nsalu ya chipani, tisheti ndi chipewa zili kunja kwa chiletsocho poti n'zipangizo za kampeni, koma shuga ndi ndalama za m'manja n'kulakwira lamulo. Sindinena kuti agogo akanabweza shugayo. Mwezi wa Sepitembala nkhokwe zambiri zimakhala zayamba kulira. Chimene ndimakana n'chakuti shuga akhale ngongole. Kuli mkulu wina amene ndimasewera naye bawo, anandiululira yekha kuti chaka china analandira kwa anthu awiri, wina sopo wina ndalama, ndipo atafika pobisika chisoni chinamugwira, anachonga onse awiri kuti pasakhale wokhumudwa. Pepala lotero timaliika pa mulu wa mavoti owonongeka. Anaima pamzere kuyambira mbandakucha kuti voti yake isawerengedwe kwa aliyense.

Udzatani tsono? Usadzatsutsane ndi agogo pamaso pa anthu. Udzagwade monga umachitira, udzamve zonse. Mawa lake ukadzalowa pobisika paja udzakhala wekha ndi cholembera, ndipo palibe lamulo lokukakamiza kuuza munthu pomwe wachonga, angakhale agogo, abusa kapena mwamuna amene adzakhale atakukwatira.

Zonsezi n'zachabe ngati dzina lako mulibe m'kaundula. Ukangokwanitsa zaka 16 kalembetse chiphaso cha unzika ku NRB, pakuti kalembera wa voti amafuna chimenechi. Usadikire 2030. Kalembera wa chisankho chapitachi anayamba kumapeto kwa 2024, miyezi yambiri tsiku lovota lisanafike, ndipo analembetsa ndi anthu pafupifupi 7.2 miliyoni. Zaka zonse zimene ndagwira ntchitoyi, amene ndinkawabweza akulira sanali okalamba. Anali anyamata ndi atsikana obwera atatchena, dzina mulibe. Uuzenso anzako a Fomu 1 kuti lamulo limalola kulembetsa munthu asanakwane zaka 18, bola akhale atazikwanitsa pofika tsiku lovota.

Aphunzitsi,
Ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Ntcheu boma, ndili ndi zaka 22. Sindinavotepo. Tsiku lachisankho ndi lomwe ndimapha makwacha potengera anthu kovota. Voti yanga imodzi ingasinthe chiyani pa anthu mamiliyoni?
Wakabaza, Ntcheu

Achimwene,
Mukuwerengera mamiliyoni chifukwa maso anu ali pa pulezidenti yekha. Mapepala amakhala atatu: la pulezidenti, la phungu ndi la khansala. Wofuna upulezidenti ayenera kupeza mavoti opitirira theka, ija timati 50+1. Koma phungu ndi khansala amapambana ngakhale atamuposa mnzake ndi voti imodzi yokha. Dziko lino lili ndi madera a aphungu 229 ndi mawodi 509, ndiye wodi yanu si ya anthu mamiliyoni. Inu ndi anzanu a pa siteji, kuphatikiza akazi anu ndi azilamu anu, ndinu gulu loti wofuna ukhansala sangagone tulo.

Ndipo khansala ndi amene ali pafupi ndi tayala lanu. Makhansala ndiwo amakhala m'khonsolo ya boma yomwe imakambirana za misonkho ya m'misika, malo oimikapo njinga ndi misewu ya fumbi yolowa m'midzi, ija imakuthyolerani masipoko nthawi ya dzinja. Mumadandaula zimenezi tsiku ndi tsiku pa siteji, koma munthu wokazinena m'khonsolo mumasiyira ena kuti akusankhireni.

Mukati mavoti amabedwa, kumbukirani 2019. Chisankho cha pa 21 Meyi chaka chimenecho, a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi mavoti osafika 39 pa 100 aliwonse. Malemu a Saulos Chilima, mwana wa kwathu ku Nsipe, ndi a Lazarus Chakwera anakasuma, ndipo pa 3 Febuluwale 2020 majaji asanu anafafaniza zotsatirazo. Umboni waukulu unali mapepala a zotsatira ochokera m'malo ovotera, ena opakidwa tipeksi. Pa 23 Juni 2020 anthu anavotanso, a Chakwera n'kupambana. Mu 2025 anthu omwewo anatembenuka n'kubwezeretsa a Mutharika. Kaya inu mumakonda uti, mwaona nokha kuti anthu oima pamzere achotsa pulezidenti wokhala pampando kawiri motsatizana.

Za makwachazo sindikutsutsani, geni ndi geni. Malo ovotera amatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Kasitomala woyamba mukamutsitsa, imikani njinga pansi pa mtengo, imani pambuyo pake. Ndipo poti zaka 21 munadutsa, lamulo likukulolani kuimira ukhansala kapena uphungu. Upulezidenti wokha ndiye mudikire zaka 35.

Aphunzitsi,
Ndinabadwira tsidya la Mozambique koma ndakulira kwa amalume ku Tsangano kuyambira ndili ndi zaka 6. Pano ndili ndi 17. Anzanga akuti ine sindidzavota kuno.
Mlimi wa kachewere, Tsangano

Mphwanga,
Anzakowo akulankhula zakumva. Gawo 77 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wovota kwa nzika ya Malawi, komanso kwa munthu amene si nzika koma wakhala akukhala m'dziko muno kwa zaka 7. Ndipo ngati mayi kapena bambo ako ndi Mmalawi, nkhani ya unzika wako ikhoza kukhala yosiyana ndi mmene ukuganizira, pakuti kuno kumalire msewu umodzi umagawa banja pawiri. Pamene pagona nkhani ndi pa umboni. Tenga amalume ako, mupite kwa mfumu ya m'mudzi mwanu, kenako ku ofesi ya NRB kwa DC ku Ntcheu, ukafotokoze zoona zokhazokha za komwe unabadwira ndi kwa makolo ako. Usalole munthu wa chipani akulembetse mwachinyengo kuti zifulumire, chifukwa zikadzaululika wogwidwa udzakhala iwe. Pita mukangomaliza kukumba kachewere, ndalama ya thiransipoti isanathe.