Kodi NASA ingandipatse ndalama za kafukufuku wa ndege?

FUNSO: Ndine mnyamata wa kwa Malengachanzi ku Nkhotakota. Ndinamaliza maphunziro a uinjiniya koma ntchito ndikusakabe. Podikira ndimapanga timadrone tanga, ndipo kamodzi kamaulukadi. Ndaona pa intaneti kuti NASA imaitanitsa mapulopozo a kafukufuku wa zandege. Kodi ndingatumize? Nanga osankhawo amayang'ana chiyani? Wowerenga wanu, Nkhotakota.

YANKHO: Achimwene, tiyambe ndi zowawa. Ndalama za NASA, bungwe la boma la America lofufuza za ndege ndi zamlengalenga, simuziona. Akamagwira ntchito ndi mabungwe a kunja kwa America, aliyense amalipira zake, sipakhala kupatsana ndalama. Komanso pulopozo imalowa pa makina awo a NSPIRES kudzera m'bungwe lolembetsa, osati munthu payekha.

Koma musafulumire kugwa ulesi, chifukwa khomo lina ndi lotsegula. Thumba la kafukufuku la mgwirizano wa maiko a ku Ulaya lotchedwa Horizon Europe, la zaka za 2021 mpaka 2027, linayamba ndi mayuro 95.5 biliyoni, ndipo Malawi ali m'gulu la maiko omwe mabungwe awo angalandireko. Kawirikawiri pamafunika mabungwe atatu a m'maiko atatu a ku Ulaya kapena ogwirizana nawo, yunivesite ya kuno n'kulowa powonjezera. Kwathu kuno muzitchera khutu ku National Commission for Science and Technology ku Lilongwe. Ndalama zake n'zochepa koma ndi poyambira.

Tsono za osankha. Ku Horizon akatswiri amayamba awerenga aliyense payekha, kenako amakambirana kuti amange chimodzi. Amapereka malikisi pa zinthu zitatu: kukhwima kwa ganizo, phindu lake, ndi dongosolo la kagwiridwe ka ntchito. Gawo lililonse lili ndi malikisi 5. Mukapeza osafika 3 pa gawo limodzi, kapena osafika 10 pa onse 15, mwagwa. Ndipo kukhoza sikulandira ndalama ayi: amandandalika kuyambira wapamwamba, n'kumapereka mpaka thumba litauma. Ambiri okhoza amabwerera chimanjamanja.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi mawu akuti "kamaulukadi". Ounika kafukufuku woyambira salipira kuti chinthu chiuluke; zimenezo abale a Wright anathana nazo mu 1903. Amalipira funso lomwe silinayankhidwe. Timapiko topindikira m'mwamba tija mumationa kunsonga kwa mapiko a ndege pa bwalo la Kamuzu tinachokera kwa Richard Whitcomb wa ku NASA Langley m'ma 1970. Iye sankapanga ndege yatsopano. Ankafufuza mmene mpweya wozungulira kunsonga kwa phiko umakokera ndege m'mbuyo n'kumadyetsa mafuta.

Funso lotere inu muli nalo pakhomo. Mukaima kugombe mumaona nkhungu, tizirombo touluka tija, zikutuluka m'nyanja ngati utsi, ndipo amene anakwerapo minibasi pa M5 kuchokera ku Salima nthawi ya nkhungu akudziwa mmene galasi lakutsogolo limadera, kondakitala n'kutsika kukapukuta ndi chiguduli. Pa phiko vuto lake n'lalikulu kuposa uve. Mpweya ukamayenda mosalala pa phiko, ndege imadya mafuta ochepa. Kachidutswa ka kachirombo kakamatirira kutsogolo kwa phiko, kusalalako kumasokonekera. NASA inaitenga nkhaniyi mozama moti mu 2015 inayesa mankhwala opaka pa phiko la Boeing 757 ku Shreveport, Louisiana, ndipo opambana kwambiri anachepetsa zomatirira ndi pafupifupi 40 peresenti. Ndege zikuluzikulu zimakumana ndi tizirombo ponyamuka ndi potera basi. Drone yonyamula mankhwala imauluka m'munsi, momwe tiziromboto timakhala. Kodi batire yake imatha msanga bwanji ikadutsa mu nkhungu? Nanga mwera ukawomba pa nthawi yomweyo? Pulofesa wa ku yunivesite ya Delft ku Netherlands alibe nkhungu. Inu muli nazo zaulere, mpaka zina timazidya.

Ndikanakhala inu, ndikanayamba kuyeza lero: phiko loyera ndi phiko lomatirira nkhungu, mtunda womwewo, batire yomweyo, manambala m'kope. Tsamba limodzi la manambala oona limakopa ounika kuposa masamba khumi olira umphawi wa Malawi. Musaiwale chilolezo cha oyang'anira zandege musanaulutse. Kenako tengani kopelo mukaonetse aphunzitsi a ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, omwe akhala akugwira ntchito ndi African Drone and Data Academy imene inatsegulidwa mu 2020. Malo oyesera alipo kale ku Kasungu: boma ndi UNICEF anawakhazikitsa mu 2017, makilomita 40 mbali zonse kuchokera pa bwalo la ndege, ndipo kuchokera kwanuko ndi kungodutsa m'nkhalango pa M18.

Gulu lanu likadzafika potumiza, kumbukirani kuti Horizon imatseka 5 koloko madzulo nthawi ya ku Brussels, ku Belgium. Kukakhala kozizira kumeneko, kuno imakhala 6 koloko. Kukakhala kotentha, nthawi imafanana. Makina akatseka atseka, samva zoti magetsi anazima kapena bandulo inatha, choncho tumizani kukadali masiku awiri.